Funsani aphunzitsi: pH ya viniga yandizunguza mutu

FUNSO: Aphunzitsi, ine ndimakhala ku Rosettenville mu mzinda wa Johannesburg ku South Africa, masana ndimagwira ntchito mkhitchini ya lesitilanti ina ku Sandton ndiye usiku ndimawerenga kemisitiri ya chaka choyamba. Pa asayimenti yapitayi anatifunsa pH ya acetic acid ya 0,1 M ndipo Ka anatipatsa 1,8 × 10⁻⁵. Ine ndinangotenga log ya 0,1 nkupeza pH 1 koma ansa yake akuti ndi 2,87. Ka ija sindinaikhudze nkomwe, kunena zoona sindidziwa kuti imalowa pati. Kumudzi pa MSCE tinkangoviika kapepala ka litmus basi. Chonde ndithandizeni mayeso ayandikira.
Wowerenga wa ku Rosettenville

YANKHO: Achimwene, munthu wochoka pa shifiti ya khitchini nkukatsegulanso buku usiku ine ndimamupatsa ulemu kwambiri, ndiye tiyeni tiyende limodzi pang'onopang'ono.

Ansa yanu ya 1 ija ikanakhala yokhoza asidi wake akanakhala HCl, ndiye kuti hydrochloric acid. Ameneyo ndi wamphamvu, akalowa m'madzi amagawikana yense, ndiye 0,1 M (ma mole 0,1 pa lita imodzi) ya HCl imapereka 0,1 M ya H⁺ (hydrogen ion imene asidi amatulutsa), pH nkukhala 1. Koma acetic acid ndi uja ali mu viniga amene mumathira pa tchipisi kuntchito kwanuko, ndipo mukudziwa nokha kuti munthu amadya osapsa m'kamwa. Iyeyu ndi asidi wofooka, ma molecule ake ambiri amangokhala ogwirana choncho osataya H⁺ wawo, ochepa okha ndi amene amagawikana. pH simawerenga asidi amene mwathira ayi, imawerenga H⁺ amene wamasukadi m'madzimo. Ndiye ntchito ya Ka ndi imeneyo, kukuuzani kuti amene wamasuka ndi wochuluka bwanji.

Lembani chonchi: HA ⇌ H⁺ + A⁻, pamene HA akuimira asidi wosagawikana ndipo A⁻ ndi gawo lotsala H⁺ akachoka. Poyamba HA ndi 0,1, enawo palibe. Tinene kuti gawo limene lagawikana ndi x, ndiye H⁺ akhala x, A⁻ nayenso x chifukwa amatuluka limodzi ngati mapasa, HA wotsala akhala 0,1 − x. Ka ndi H⁺ kuchulukitsa ndi A⁻ kugawa ndi HA wotsalayo, kapena kuti x² ÷ (0,1 − x) = 1,8 × 10⁻⁵.

Apa ndi pamene ambiri amachita mantha poona kuti kwabwera quadratic, koma taonani Ka wakeyo kuchepa kwake, x akhala kanthu kakang'ono zedi moti kuchotsa x pa 0,1 kuli ngati kutapa supuni imodzi ya ufa m'thumba lodzaza, thumba limaoneka chimodzimodzi. Ndiye pansipo siyanipo 0,1 yokha. x² = 1,8 × 10⁻⁶, tengani square root mupeza x = 1,34 × 10⁻³. Ameneyo ndiye H⁺ wanu. pH = −log ya 1,34 × 10⁻³ = 2,87. Ndi ansa ija imakusowetsani tulo.

Tsono musathamangire kutseka buku, yesani kaye ngati njira yachiduleyi inali yololedwa. Gawani x ndi 0,1 muchulukitse ndi 100, mupeza 1,3%. Tanthauzo lake pa ma molecule 100 alionse amodzi okha ndi kanyenyeswa ndi amene agawikana, ena onse ali phee. Lamulo lake nlakuti zikakhala pansi pa 5% muli bwino, zikapitirira bwererani ku quadratic. Ndipo zimapitiriradi, mwachitsanzo asidi yemweyu mukamusungunula ndi madzi mpaka 0,001 M njira yachidule ikupatsani 1,34 × 10⁻⁴ yomwe ndi 13%, ndiye yakana. Quadratic imapereka 1,25 × 10⁻⁴, pH 3,90 osati 3,87. Kusiyana kwake kukuoneka kochepa koma wochonga amadula malikisi pomwepo, komanso ine chimandisangalatsa nchakuti mukaonjeza madzi asidi wofooka amagawikana kwambiri kuposa poyamba, ambiri samayembekezera zimenezo.

Zina ziwiri zimene ndaona zikugwetsa ana asukulu. Pa kalikyuleta ya Casio gwiritsani ntchito batani la ×10ˣ polemba Ka, chifukwa mukalemba 10 payekha kenako nkudinanso batanilo nambala imakula kakhumi inu osadziwa. Chachiwiri ndi cha ife ochokera kumudzi, kuno amalemba 0,1 ndi chizindikiro cha comma pamene ku Malawi tinazolowera 0.1 ya kadontho, ndi nambala imodzi yomweyo musasokonezeke. Akakupatsani pKa (yomwe ndi −log ya Ka) m'malo mwa Ka, dinani 10 kukwezedwa ku −pKa mubwerera kwa Ka wanu.

Musanagone lero yesani iyi. Lactic acid, uja amawawasitsa chambiko kwathu ndi amasi amene timagula kunowa, Ka wake ndi pafupifupi 1,4 × 10⁻⁴. Pezani pH ya 0,1 M, muyesenso za 5% zija. Mukapeza 2,43 ndi 3,7% ndiye kuti mwakhoza.