Enzaimu ya mu umuna imaloza pamene pali vuto

Achimwene, mwati adokotala sanapeze mbewu mu umuna wanu, tsopano akufuna kuyeza alpha-glucosidase, ndiye mukufunsa ngati basi nkhani ya ana yathera pomwepa. Ayi, sinathe. Pepani ndi nkhawa mwasenzayi, koma musafulumire kudzitcha gojo.

Umuna si mbewu zokhazokha. Madzi ambiri amachokera mu prostate ndi m'timatumba totchedwa seminal vesicles, ndipo chiwalo chilichonse chimathiramo zakezake, ngati kudinda chidindo. Alpha-glucosidase ndi enzaimu, kanthu kofulumizitsa ntchito za m'thupi, ndipo imachokera mu epididymis, kamtsempha kopindikapindika ka kuseri kwa tchende, momwe mbewu zimakhwimira. Ikapezeka yochepa, yosafika 20 mU pa umuna wonse wotuluka kamodzi malinga ndi buku la bungwe la zaumoyo padziko lonse la WHO, adokotala amakayikira kuti njira yatsekeka: mbewu mwina zikupangidwa ndithu, koma zikusowa potulukira. Ikakhala yokwanira chikhalirecho mbewu mulibe, maso amatembenukira ku machende enieniwo, ndipo amayezanso FSH m'magazi, homoni yolimbikitsa machende kupanga mbewu. Kusiyana kumeneku n'kwakukulu, chifukwa njira yotsekeka nthawi zina imakonzeka ndi opaleshoni, kapena mbewu amakazitenga komwe zatsekeredwako.

Ine ndimagwira ntchito ndi ziweto, ndipo kumeneko nzeru yake ndi yomweyi. Galu wamantha amatha kutulutsa timadzi toyera mbee ta mu prostate tokha, ukaika pa maikulosikopu osaona kanthu. Wosadziwa angati galuyo sabereka. Ife timayeza enzaimu ya alkaline phosphatase, yomwe mwa galu imachokeranso mu epididymis. Ikapitirira 5,000 IU pa lita, ndiye kuti galu watulutsa zonse, ndipo ngati mbewu mulibe vuto lili kumachende. Ikatsika kwambiri, mwina sanamalize kapena njira yatsekeka, ndiye timamupatsa mpata n'kuyesanso. Mu umuna wa nkhunzi wosungidwa mozizira kwambiri, enzaimu ya AST ikachuluka m'madzimo, ndiye kuti khungu la mbewu lang'ambika, zam'kati zikutayika.

Mwa anthu mulinso enzaimu ya PSA, yomwe ambiri amaidziwira pa matenda a prostate. Ntchito yake yeniyeni ndi kusungunula umuna, uja umatuluka wolimba n'kusanduka madzi pasanathe ola.

Chimene ndikufuna mugwiritse ndi ichi: enzaimu payokha siuza munthu kuti abereka kapena ayi. Zimenezo zimadalira kwambiri kuchuluka kwa mbewu, mayendedwe ake ndi maonekedwe ake, ndipo kuyeza kamodzi sikokwanira. Mbewu imatenga masiku pafupifupi 74 kuti ipangike, choncho ngati munadwala n'kutentha thupi kwambiri miyezi iwiri yapitayo, auzeni adokotala. Pokayezetsanso, khalani masiku 2 mpaka 7 osagonana, ndipo madontho oyamba asatayike pansi, chifukwa mbewu zambiri zimakhala m'menemo. Mufunsenso za fructose, shuga wa mu umuna, ndi kuchuluka kwa umunawo, poti zikatsika zonse ziwiri, zimaloza ku seminal vesicles kapena njira ya pafupi ndi prostate.