Akuwonongerani foni, musangowasiya

Achimwene, mwati munasiya foni pa shopu ina ku Limbe kuti asinthe sikirini yokha, koma yabwerako yosatchaja, eni ake nkumati inali choncho kale. Pepani ndithu, zimenezi zimawawa.

Choyamba, musaipereke kaye kwa wokonza wina. Akangoitsegula wachiwiri, oyambawo apeza pothawira. Bwererani ndi lisiti, kapena uthenga wa Airtel Money kapena Mpamba ngati munalipira pafoni, limodzi ndi munthu woti akhale mboni. Auzeni modekha kuti akonze ulere kapena abweze ndalama, ndipo mugwirizane tsiku. Mukatero atumizireninso mawu omwewo pa WhatsApp, chifukwa zapakamwa anthu amakana.

Onetsetsaninso batire. Ena amachotsa labwino nkuikamo lakutha, ine zinandichitikirapo.

Akakanitsitsa, kadandauleni ku Competition and Fair Trading Commission, bungwe la boma lomwe limalandira madandaulo a ogula. A CAMA (Consumers Association of Malawi), bungwe loimira ogula, ali mu Blantyre momwe muno, nawonso amathandiza. Lamulo loteteza ogula la 2003 limakhudzanso ntchito zolipiridwa ngati zokonzazi, osati katundu yekha.

Kupolisi nthawi zambiri amangoti nkhaniyi ndi yakukhoti, pokhapokha ngati anakuberani zipangizo zam'kati.