Wulu ndi chitenje pa bulangete limodzi, ine zinandiliritsa

Iii achemwali, mwanditokosa pachilonda. Funso lanu loti mungawapeze kuti anzanu oluka nawo, komanso ngati zoluka zingalumikizidwe ndi zigamba za chitenje, ndaliona ndili pamoto, ndaphula kaye ndiwo kuti ndikuyankheni. Anzanu oluka nawo muwapeza, osadandaula, ndipo zolumikiza zoluka ndi zigamba za chitenjezo zimatheka ndithu. Koma imvani kaye zomwe zinandionekera ine.

Ine kuluka ndinayamba ndili ku pulayimale, ndi masipoko a njinga, wulu wake womasula ku juzi yakutha ya amalume. Nditasamukira ku Zomba sindinkadziwa munthu. Ndiye tsiku lina mu minibasi yopita ku Limbe ndinatulutsa kachipewa ka mwana komwe ndinkaluka, mayi amene ndinakhala naye pampando anangoti "kodi sitichi imeneyi mumaiyamba bwanji?" Pofika pa Namadzi tinali titapatsana kale manambala. Ndi iyeyo ananditengera ku gulu lawo. Tinalipo amayi 11, kukumana Lachinayi masana pakhonde la atcheya, aliyense ndi jumbo yake ya wulu, wina kubweretsa mbatata, wina tiyi. Poyamba zinali zokoma, sindinama. Ndi kumeneko ndinaphunzira kuwongola wulu wa kaunjika: umamasula juzi, kukulunga wuluyo pa miyendo ya mpando, kumuviika m'madzi, kenako kumuyanika utamangirira botolo lamadzi kumunsi kuti makwinya athe.

Ndiye mu Okutobala 2023 atcheyawo anabwera ndi oda. Amayi ena ake ankafuna bulangete lalikulu lokapereka pa bridal shower ya mwana wawo, loti likhale ndi zitenje zomwe mtsikanayo anakula akuberekeredwa, kusakaniza ndi zoluka. Nzeru yabwino kwabasi. Poti ine ndili ndi makina osokera, ntchito inagwera ine. Tinawerengera masikweya a masentimita 20, 9 m'lifupi 10 m'litali, onse pamodzi 90. Oluka 45, a nsalu 45. Mtengo anakambirana okha atcheya, dipoziti analandira okha, ine anangondiuza kuti "gulani kaye wulu ndi yanu, tidzabweza."

Ndinagula theka. Mukukumbuka zomwe zinachitika mu Novembala chaka chimenecho, kwacha kugwa ndi 44 peresenti usiku umodzi. Nditabwerera ku Limbe kukatenga wulu wotsala ndinapeza mtengo wina, komanso mtundu wa kirimu womwe ndinayambira watha. Ndinatenga wofananirako. Mu shopu ankaoneka amodzi, padzuwa ayi. Nditawauza atcheya za mtengowo anati kasitomala sasinthiridwa mawu. Chabwino.

Apa ndi pomwe pandiwawa mpaka lero. Ine ndinati zitenjezi tizichape kaye tisanadule, chifukwa zina zinali zakale zofewa, koma zitatu anali atagula zatsopano zoti tikwaniritsire. Atcheya anakana. Akuti chitenje chikachapidwa chimataya kuwala, kasitomala adzati tamuikira nsanza. Ndinangoti zikomo, poti iwo ndi akulu ndipo ine ndinali mlendo pagulu. Milungu 6 ndikuluka usiku, magetsi akazima ndi tochi ya foni pakamwa, zala kuchita kutupa. Abambo akunyumba mpaka anayamba kufunsa ngati ndakwatiwa ndi wulu.

Kulumikiza kwake ndiye kunali nkhondo. Choluka chimatamuka, nsalu ya thonje sitamuka. Ukangoziika pansi pa phazi la makina, choluka chimathawa, umafika kumapeto chitatalika ndi chala chathunthu kuposa nsalu. Ndinasoka ndi kumasula mzere woyamba katatu. Komabe linatha, ndipo linali lokongola, achemwali, ndikanakhala ndi chithunzi chabwino ndikanaika pano.

Lachisanu madzulo, shower ili mawa lake, atcheya anatuma mwana kuti ndilipereke kwawo akalikulunge. Cha m'ma 9 koloko usiku foni: "Tabwerani muone zomwe mwachitazi." Ndinakwera kabaza, mvula ikuwaza. Kufika, bulangete lili pa tebulo, nyumba yonse fungo la pulasitiki wopsa, simbi yamakala ili pambali ikadali yotentha. Anaona kuti m'misoko mwatukuka pang'ono, ndiye anawaza madzi ambiri n'kulisita. Wulu wathu wa m'mashopuyu si ubweya wankhosa, ndi akiriliki, pachibale ndi jumbo. Masikweya 7 anaphwatalala, kuuma gwa, kunyezimira ngati chikopa cha nsomba youma, pawiri panabooka ndithu, chizindikiro cha simbi chikuonekera ndi nsonga yake yomwe. Ndipo chitenje chofiira chatsopano chija, chitamva madzi ndi moto, chinatulutsa utoto n'kulowa mu kirimu. Pinki wa mawangamawanga ngati wina wathirapo sobo. Ndinagwira sikweya imodzi, inalira kuti khekhe m'manja. Ndinakhala pansi pa simenti pomwepo, osalira, osayankhula, ndikungoyang'ana kachigamba ka buluu kamene amayi aja anati ndi komwe anatulukira nako kuchipatala ndi mwanayo. Pakona pake panali patapsa.

Mukudziwa chomwe atcheya ananena? "Mukanagula wulu wabwino sizikanatere." Wulu amene ndalama yake sanandibwezere mpaka lero! M'mawa ndikudzuka ndapeza pa WhatsApp ya gulu alemba kale kuti membala wina waononga katundu wa kasitomala chifukwa chosamvera malangizo. Anthu amene ndinkadya nawo mbatata aja, zii. Mmodzi yekha, wa mu minibasi uja, ndi amene anabwera kwathu 5 koloko m'mawa ndi lumo ndi masingano ake. Tinachotsa mzere wonse wowonongekawo ndi masikweya ena, bulangete la bedi lalikulu linasanduka lofunda munthu mmodzi. Kasitomala analipira theka, thekalo linathera kwa atcheya, akuti ya makala ndi mayendedwe. Makala omwe anawotchera ntchito yangawo. Munthu ameneyu Lamlungu amakhala kutsogolo, duku lake loyera mbee. Ndisiyire pomwepa ndingachimwe.

Ndiye ine ndikuti musalowe m'magulu oluka zogulitsa. Kapena lowani, chifukwa panokha simuphunzira kanthu ndipo mudzatopa, koma oda ikabwera mtengo mumve ndi makutu anu, dipoziti ifike pa Mpamba kapena Airtel Money yanu musanagule ngakhale mpira umodzi wa wulu. Poyambira pabwino kupeza anzanu oluka ndi ku Mvano kapena gulu lililonse la amayi kutchalitchi kwanu, sikulephera agogo amodzi odziwa kuluka. Apo ayi muziyenda nazo zolukazo, pa mzere wa kusikelo, pamaliro masana, mu basi. Oluka amadziulula okha, sangapirire kuona singano osafunsa. Ndipo mukapange ubale ndi atelala apakhonde, zidutswa amangosesa, ena amakupatsani jumbo yonse mukawagulira fanta.

Za kusakanizazo, mtima wanga ukuti musayerekeze, koma taonani pano ndili pa bulangete lachinayi. Chapani nsalu iliyonse payokha musanadule, yofiira ndi yabuluu kawiri, mpaka madzi atuluke oyera, chifukwa thonje limabwerera likachapidwa koyamba pomwe akiriliki sabwerera. Zoluka zija muluke sitichi yosapindika m'mbali, ija yoluka mbali zonse mofanana, chifukwa yosalala ya juzi imadzipinda ngati tsamba la fodya. Ine ndimagwiritsa singano za 4 mm pa wulu wonenepa mwapakatikati wotchedwa double knit, ndipo ndimalimbitsa dzanja. Sikweya iliyonse yoluka muisokerere kaye pa kansalu kopyapyala ka muyezo womwewo, ndi manja, ndiye muzilumikiza nsalu ndi nsalu, makina sakuvutitsaninso. Podula chitenje musiye sentimita imodzi mbali zonse ya msoko. Kunsi muike nsalu imodzi yathunthu, shiti ya pa kaunjika imakwana, mumange ndi timfundo m'makona kuti zisamayendeyende. Pakati musaike bulangete lina, zoluka ndi zolemera kale, likanyowa simulinyamula, ndipo muliyanike chogoneka pa mphasa, osati pa chingwe.

Simbi musite nsalu zokha musanalumikize. Likatha, lisatuluke m'nyumba mwanu kupita kwa wina aliyense woti "ndikakukulungireni." Yambani ndi kakhushoni ka masikweya anayi, mukachape, muone. Masikweya opsa aja ndinawasunga, ndimaphulira mapoto, imodzi ndi yomwe ndaphulira ndiwo zija. Mukakhala kuti muli cha ku Zomba kuno ndilembereni ku inbox, Lachinayi timakhala awiri pakhonde langa, mpando wachitatu ulipo, atcheya tilibe.