Ndalama ya pamfuletiyo musatulutse, achemwali

Achemwali, ndalama yogulira pamfuleti ya ma essay olemberatu a mayeso a Chingerezi imene mwanena mu positi yanu ija musatulutse chonde. Mawu amene mphunzitsi wa mwana wanu wanenawo, akuti aloweze ma essay khumi, imodzi ibwera pa mayeso basi, ndi omwewo amene anandidyera chaka chathunthu ine. Ndawerenga positi yanu mtima wachita kundiwawanso ngati zachitika dzulo.

Ife tinali pa CDSS ina ya kumudzi, buku limodzi la Chingerezi kulimbirana anthu asanu. Mphunzitsi wathu ankangolowa, kulemba manotsi pa bolodi, n'kutuluka. Ukafunsa funso ankati zenizeni zili ku pati taimu. Pati taimuyo inali Loweruka m'mawa, yolipira. Mayi anga ankadzuka usiku kukazinga zitumbuwa ndi mandasi, ndalama yake inali imeneyo. Kumeneko ndi kumene anatigulitsa pamfuleti ya fotokope, ma essay 12: kutha kwa mitengo, maukwati a ana, Edzi, kuledzera kwa achinyamata, ndi ena. Ndinaloweza onse ngati katekisimu. Popita kumjigo ndikubwereza, posinja ndikubwereza, usiku pa koloboyi mpaka mphuno kuda ndi utsi. Chaka chonse cha fomu 4 bambo ameneyo sanandichongere chimangirizo changa ndi chimodzi chomwe. Sanatiuzepo kuti lembani maganizo anu ndione. Ayi ndithu.

Tsiku la pepala la Chingerezi tinadzuka kusanache chifukwa tinkalembera pa sukulu ina, ulendo wapansi, kukuzizira. Pakhomo apolisi, kutisecha, kuonetsa ID, kukhala pa desiki. Ndinali wolimba mtima, ndinkadziwa kuti imodzi mwa 12 ija ilimo. Galamala ndinadutsa bwinobwino. Nditatembenuza tsamba la chimangirizo ndinawerenga mitu yonse, n'kuyambiranso, n'kuyambiranso kachitatu. Munalibe ndi umodzi womwe. Umene unkaoneka wapafupi unali wofunsa ngati ana asukulu aziloledwa kukhala ndi mafoni pa sukulu kapena ayi, usankhe mbali. M'mimba munatentha. Thukuta ndi kuzizira konse kuja, bolopeni kumaterereka m'manja. Mnyamata wa kumanja kwanga anali atadzaza kale theka la tsamba, ndikumva bolopeni yake ikukanda pepala. Woyang'anira mayeso akuyenda pakati pa mizere, nsapato zake gwa gwa gwa, akafika pa ine amaima pang'ono kuyang'ana pepala loyera lija n'kupitirira.

Chimene chimandipweteka mpaka lero n'chakuti mfundo ndinali nazo. M'Chichewa zinkabwera zokha. Ndinkadziwa mtsikana wa m'kalasi mwathu amene foni yopatsidwa ndi wa kabaza inamutulutsa sukulu. Ndinkadziwanso kuti msuweni wanga wa m'tauni ankalandira mapepala akale a mayeso pa foni pamene ife tinalibe. Ukanandiika pansi pa mtengo ndi anzanga ndikanatsutsana nawo mpaka dzuwa kulowa. Koma kutenga ganizo langa n'kuliika m'Chingerezi, palibe anandichititsapo. Ndikalemba chiganizo, ndafufuta. Ndikalemba china, ndafufuta. Woyang'anira uja atanena kuti kwatsala mphindi 30 mutu unangoti zii. Ndinatenga essay ya maukwati a ana ija m'mutu n'kuyamba kuikhuthula momwe inalili, pamene panali "early marriages" ndikuikapo "cell phones". Ndinkadziwa ndikulemba kuti sizikugwirizana. Ndime ina inkakamba za mafumu ndi malamulo a m'mudzi, ina za atsikana ovutika pobereka, pa nkhani ya mafoni! Mbali sindinasankhe n'komwe. Misozi inadontha pa pepala inki n'kusungunuka, ndinapukuta ndi mkono wa juzi. Potuluka anzanga a pati taimu tonse tinangoyang'anana, palibe anayankhula njira yonse yobwerera.

Zotsatira zitatuluka, Masamu 2, Agriculture 2, Biology 3, zinazo makirediti. Chingerezi 8. Satifiketi ndinapeza, inde, koma mukudziwa nonse muno kuti ku yunivesite za boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi kuphatikizapo Chingerezi, ndipo kirediti imathera pa 6. Ndiye 8 ameneyo anatseka chitseko cha UNIMA, cha LUANAR, cha Mzuni, zonse nthawi imodzi. Mnzanga wina anapeza 9, iyeyo ngakhale satifiketi ya MSCE sanaione, chifukwa ukalephera Chingerezi zinazo sizikuwombola.

Mayi anga anakumana naye mphunzitsi uja pa msika. Anamufunsa mwaulemu, mukudziwa amayi athu. Iye anayankha kuti ana a masiku ano ndi aulesi, saloweza mokwanira. Aulesi! Ine amene ndinatha parafini wa mayi anga! Chaka chotsatira pamfuleti yomwe ija anaigulitsanso kwa a fomu 4 atsopano, anangosintha chikuto. Munthu wolandira malipiro kuti aphunzitse m'kalasi, n'kumabisa phunzirolo kuti aligulitse Loweruka kwa ana a amayi ogulitsa zitumbuwa, ameneyo ndi wakuba, ndilibe dzina lina lomupatsa. Mpaka pano ndikamuona ndimapatuka.

Ndinabwereza fomu 4 ku sukulu ya open, masana. Kumeneko ndinapeza madamu ena, Mulungu awadalitse kumene ali. Iwo tsiku loyamba anatiletsa kulemba. Anatigawa pawiri n'kutipatsa mutu kuti titsutsane m'Chichewa, kenako anati zomwe mwanenazo ziikeni m'Chingerezi chosavuta. Ankati ndime yoyamba wochonga adziwe kuti uli mbali iti, usaime pakati. Kenako mfundo zitatu kapena zinayi, iliyonse ndime yake: nena mfundo, nena chifukwa, pereka chitsanzo cha zomwe waona ndi maso ako. Ndime imodzi uvomereze zimene a mbali inayo anganene, kenako uwabweze. Pomaliza ubwerere pa mbali yako osabweretsa zatsopano. Mawu akhale pakati pa 350 ndi 500, ndipo mphindi zisanu zoyambirira ndi zolemba mfundo pambali, osathamangira. Chiganizo chachifupi cholondola ankachikonda kuposa mawu aakulu oikidwa polakwika. Sabata iliyonse chimangirizo chimodzi, kubwera chofiira ndi inki, kulembanso. Ndinapeza 4.

Ndiye mwana wanuyo asaloweze essay ya munthu. Komabe ndisakunamizeni, zina aloweze ndithu. Mawu olumikizira ngati "however", "on the other hand", "for instance", "therefore" akhale m'mutu, komanso ziganizo ziwiri zitatu zotsegulira zimene angazisinthe mutu uliwonse. Ine chaka chobwereza mawu ena a m'pamfuleti ija anandithandiza, sindingakane. Ngati pali mnzake amene wagula kale, abwereke aone mmene ndime zimayalidwira, awerenge ziwiri zitatu n'kubweza. Pati taimu nayonso ngati ndalama ilipo mulipireni, bola mufunse kaye ngati mphunzitsiyo amachonga zolemba za ana ndi bolopeni yofiira. Akati amangopereka manotsi, tulukani. Mupezereni mapepala akale a MANEB, Loweruka lililonse asankhe mutu umodzi, muyambe mwatsutsana naye inuyo m'Chichewa mukuphika, kenako akhale pansi alembe mukumuwerengera nthawi pa foni. Akamaliza jambulani munditumizire ku inbox, ndizimuchongera ulere mpaka alembe mayeso.