Muvi wa pachithunzi ukunena chiyani?

Aphunzitsi, mwafunsa kuti bwanji ana anu amachiyang'anitsitsa chithunzi cha m'buku, koma pa mayeso n'kulemba zotsutsana nacho, moti mwayamba kuganiza kuti zithunzi n'zongokongoletsa buku. Musazitaye ayi. Chomwe timaiwala ife akuluakulu n'chakuti chithunzi chili ndi malamulo ake a kawerengedwe, ndipo mwana sabadwa akuwadziwa.

Mu 1960, katswiri wa zamaganizo William Hudson anaonetsa anthu ku South Africa chithunzi cha mlenje atakweza mkondo, mbawala ili kutsogolo kwake, ndi kanjovu kakang'ono kali pakati pawo pamwamba pa phiri. Atafunsa kuti mlenjeyo akufuna kulasa nyama iti, ambiri mwa amene sanazolowere zithunzi zotere ankati njovu, poti papepalapo ndiyo inali pafupi ndi nsonga ya mkondo. Maso awo analibe vuto. Kungoti palibe amene anawauzapo kuti wojambula akachepetsa chinthu, ndiye kuti akuchiika patali. Akatswiri ena anadzudzula mmene Hudson ankafunsira mafunso ake, komabe zofanana ndi zimenezi mudzazipeza m'kalasi mwanu.

Tengani chithunzi cha sayansi choonetsa mndandanda wa zamoyo zomwe zimadyana: udzu, muvi, chiwala, muvi, chule, muvi, njoka. Kwa wolemba buku, muviwo ukuonetsa kumene mphamvu ya chakudya ikulowera. Kwa mwana, muvi ukutanthauza "akudya". Ndiye amawerenga kuti udzu ukudya chiwala, akaona kuti sizikumveka, pa mayeso amatembenuza mivi yonse. Mwanayo waganiza bwino ndithu, koma mwamupatsa ziro. Tsono mukavundukula tsamba lina, muvi womwewo ukusonyeza kolowera mphepo, pena ukungoloza dzina la chiwalo cha thupi. Buku silinena n'komwe kuti tanthauzo lasintha.

Nthawi zina wolakwa amakhala wojambulayo. Mitsempha yobweza magazi ku mtima amaipaka mtundu wa buluu pofuna kuisiyanitsa ndi inzake, ana n'kumakula akukhulupirira kuti m'thupi muli magazi abuluu. Njira imene dziko limayendamo pozungulira dzuwa amaijambula yotalika ngati dzira, mwana n'kuganiza kuti kumatentha dziko likayandikira dzuwa. Chonsecho njirayo ili pafupifupi yozungulira bwinobwino, ndipo timayandikira dzuwa kwambiri kumayambiriro kwa Januwale, nthawi yomwe ku London kukuzizira koopsa. Chimasintha nyengo ndi kupendekeka kwa dziko, madigiri pafupifupi 23.5. Mapu ojambulidwa m'njira ya katswiri wa mapu Mercator ya mu 1569 nawonso amaonetsa chilumba cha Greenland ngati cholingana ndi Africa, pomwe Africa ndi yaikulu kuwirikiza pafupifupi ka 14.

Ndiye chitani izi. Phimbani mawu a m'munsi mwa chithunzi ndi kapepala, mufunse kuti "Ukuona chiyani?", kenako mukhale chete. Apa m'pamene ambirife timapupuluma, n'kuyankha tokha. Akamaliza, lozani ndi chala: muvi uwu ukunena chiyani? Udzudzu wadzaza theka la tsambawu, weniweni ndi waukulu bwanji? Mtimawu tikuuona kunja kapena auduladula pakati? Pomaliza atseke mabuku, aliyense ajambule yekha m'kope. Kukongola kwa chithunzi musakuwerengere, inu muyang'ane kumene mivi yaloza ndi malo amene aika mayina. Mukapeza ana asanu atembenuza muvi umodzimodzi, phunziro la mawa liyambire pa muvi umenewo.