Kwa msuweni, pa za laputopu yokana kuyaka

Eee, msuweni, ndamva uthenga wako uja. Ukufunsa kuti laputopu yotchipa ingapezeke pati pa Kasungu boma... iwe, usandinamize. Sukufuna laputopu ina iwe. Mtima wako uli pa zithunzi za chiliza cha agogo zimene zili mu hard drive yolumikiza pa USB ija, ukuopa kuti zapita ndipo azakhali akudya wamoyo. Ndalamazo zisunge kaye.

Wati ukalumikiza hard drive n'kuyatsa, sikirini imangoti bii, kamzere koyera n'kumaphethira pakona, mwina n'kulemba kuti "Operating system not found". Eya. Dikira kaye, ukuwakumbuka amalume a ku Santhe chaka chija fodya anawayendera bwino? Unali Fomu 2... ayi, Fomu 3, chaka cha mkono wa pulasitala chija. Anagula kompyuta ya patebulo, yakale ndithu, yosungiramo maina a matenanti ndi ngongole za feteleza. Tsiku lina m'mawa yakana. Iwo amvekere, "ana a m'nyumba muno mwandilodzera makina!" Anaikulunga m'chitenje cha azakhali, chatsopano chija cha ku chinkhoswe, n'kukwera nayo minibasi, ataipakata ngati khanda. Kondakitala atati iikidwe kumbuyo ndi matumba a mtedza, nkhondo. Analipira mpando wachiwiri, amalume amene aja, oti Fanta amagawana anthu atatu!

Kufika kwa wokonza, mnyamata anangozungulira kumbuyo, kuzula flash imene mdzukulu wawo anaiwala, kuyatsa, Windows n'kudzuka. Amalume sanakhutire, akuti sindingabwere ulendo wonsewu kudzazulitsa kanthu kokha. Mnyamata pofufuza anapeza kuti tsiku ndi nthawi zikumabwerera m'mbuyo, ndiye anasintha kabatire kaphwatalala ka mkati, CR2032. Kameneko kakatha, BIOS, pulogalamu ya mkati imene imayamba kudzuka Windows isanatseguke, imaiwala zimene unaiuza. Mpaka lero amauza anthu kuti kompyuta yawo inachira ndi batire la wotchi.

Ndimati chiyani... eya. Kompyuta ikamayaka imatsata mndandanda wa mu BIOS pofunafuna Windows. USB ikakhala pamwamba, imayamba kugogoda pa hard drive yakoyo, momwe muli zithunzi zokha, n'kuima pomwepo. Ndiye dina batani loyatsira osalisiya kwa masekondi 10 mpaka izime, zula hard drive ndi china chilichonse cha USB, yatsa. Ikayaka bwinobwino, laputopu ilibe mlandu. Hard drive uziilumikiza Windows ikamaliza kutseguka.

Ukafuna kuthetseratu, yako ndi Dell eti... ayi, HP, Dell ndi ya achimwene. Pa HP ukangoyatsa dina Esc kangapo, kenako F10. Pa Dell ndi F2. Pita pa Boot Order, kweza Windows Boot Manager akhale woyamba, USB itsike pansi, usunge potuluka. Zina zonse m'menemo usakhudze, ndikudziwa zala zako sizikhazikika.

Komanso mvetsera kaliridwe ka hard drive-yo. Ikamati tiki, tiki, mwina moto ukuchepa. Polowetsa pakuda, USB 2.0, pamatulutsa 500 mA basi, pabuluu pamafika 900 mA. Ika pabuluu, ndi chingwe chake chachifupi chija, osati kudzera pa hub, kachipangizo kochulukitsa malo olowetsa USB kaja. Ikapitirizabe kulira, izule, usaiyeseyesenso, chifukwa kuyatsa kulikonse kumawonjezera kukandika kwa mbale za mkati.

Tsono chachikulu ndi ichi. Windows ikakufunsa kuti "You need to format the disk", dina Cancel. Format imachotsa zonse. Zithunzizo mwachidziwikire zili momwemo, kukana kuyaka sikuzifufuta, chimene chingazithe ndi chala chako. Wandimva? Ngakhale wokonza atakuuza kuti tingoipanga format iyende, ukane, ubwere nayo kuno Loweruka.

Ikatseguka, kopera foda ya agogo mu laputopu usanachite china chilichonse, ndipo pozula uziyamba wadina Eject. Format ayi, msuweni. Cancel. Uwapatse moni amalume, koma za mpando wachiwiri zija usawauze kuti ndanena ndine.