Musatumize kaye ndalamazo, achemwali

Achemwali, mwafunsa zogula mbewu ya bowa wa shiitake pa intaneti komanso zathanzi lake, koma dikirani kaye, musatumize ndalamazo, mwandikumbutsa zomwe ndinkafuna kuiwala. Nanenso ndinagula kwa mkulu wina wa pa intaneti, pakamwa pokoma, zithunzi za bowa wonenepa mbwee patsamba lake, ndiye anandiuza kuti utuchi uliwonse ukhoza, mungothira madzi otentha ngati mmene timachitira ndi bowa wa oyster basi pakatha masabata 4 muyamba kukolola. Ine kupusa, ndinakatenga utuchi kwa kalipentala, wambiri unali wa paini, nkusakaniza ndi gaga, majumbo 60, tsiku lonse ndili padramu maso ali psuu ndi utsi.

Sabata yachitatu ndatsegula chitseko m'mawa, fungo lokhalo linandiuza kuti zavuta. Majumbo a pashelefu ya pansi anali ndi timadontho tobiriwira, ena obiriwira mbali yonse ngati munthu wapakapo penti. Ndinaima pakhomopo osadziwa chochita, kenako ndinapanga chinthu chopusa kwambiri, ndinatenga mpeni nkung'amba jumbo limodzi momwemo mchipindamo ati ndichotse pobiriwirapo. Fumbi lobiriwira linangoti fuu kumaso kwangaku mpaka kutsokomola, kumeneko ndiye kunali kufesa chuku chipinda chonse ndi manja anga. Pomatha masiku 5 mashelefu onse anali atagwidwa. Dzina la chukucho ndi Trichoderma, ndinalidziwa mochedwa. Ndinkatuta majumbowo pawilibala usiku kukakwirira kuti aneba asaone, abambo akunyumba osayankhula kanthu kungondigwirira tochi, bola akanandikalipira.

Ndamuimbira mkulu uja akuti mayi manja anu ndi auve. Ine auve?? Ndinkasamba ndi sipiriti mpaka khungu kusuwa. Ndamutumizira zithunzi, waona, osayankha, mawa lake wandibloka. Mpaka lero akugulitsabe, walembanso kuti shiitake amachiza shuga, BP ndi khansa, anthu ngati amenewa Mulungu yekha akuwaona.

Koma chomwe chimandiwawa kwambiri ndi majumbo 4 omwe anapulumuka. Anayera bwinobwino, patapita miyezi iwiri nkuyamba kutuluka timatuza, kenako kusanduka abulauni. Ndinati nawonso awola, ndinataya. Achemwali, shiitake amayenera kuchita bulauni choncho asanabereke. Ndinataya bowa wamoyo.

Zomwe sanandiuze ndi izi. Bowayu ndi wa ku Japan ndi ku China, dzinalo likuchokera ku mtengo wa shii, ndipo amafuna mitengo yolimba ya masamba aakulu ngati oak, utomoni wa paini sagwirizana nawo. Ukathira gaga mu utuchi madzi otentha sakwanira, pamafunika pressure cooker (poto wotsekeka wophika ndi mphamvu ya nthunzi) pa 121°C kwa maola awiri kapena kuposa, chifukwa shiitake amayenda pang'onopang'ono ndiye chuku chimamupitirira. Zamasabata 4 ndi bodza, pautuchi ndi miyezi 2 mpaka 3. Pazipika ndiye miyezi 6 mpaka chaka ndi theka, umaboola chipika chodulidwa kumene, kulowetsa mbewu, kumata ndi phula, kusiya pamthunzi osalola kuti chiume. Chikakhwima umachinyika m'madzi ozizira maola 24 ndiye pakatha sabata bowa uja pwirikiti.

Zathanzi mwafunsazo zilipo ndithu, ali ndi mavitamini a B, copper, ndipo ukamuyanika padzuwa chagada vitamini D amachuluka. Muli chinthu chotchedwa lentinan chomwe ku Japan madokotala ankabaya odwala khansa ena pamodzi ndi mankhwala awo, koma ameneyo ndi jakisoni wa kuchipatala osati bowa wa m'mbale, munthu asasiye mankhwala. Komanso phikani apse. Wosapsa amatha kutulutsa zidzolo zoyabwa zooneka ngati mikwingwirima ya chikoti pamsana, zimabwera patatha tsiku limodzi kapena awiri, ndiye awo amati mudye wamuwisi kuti mphamvu isathe musawamvere.

Ndiye ine ndikuti zogula mbewu pa intaneti ayi. Chabwino, yomwe ndikugwiritsa ntchito panoyi ndinaipezanso pa intaneti pomwepo kkkk, koma ndinafunsa kaye tsiku lomwe inapangidwa ndipo itafika ndinainunkhiza, yabwino imakhala yoyera, fungo la bowa osati lowawasa. Yambani ndi zochepa, majumbo 5 basi. Ngakhale kunena zoona kudikira chaka chonse chifukwa cha tizipika titatu nkudzivutitsa, ine nditayambiranso ndinaboola 30 kamodzi. Jumbo likachita zobiriwira litulutseni panja lili chimangire, osalitsegula.